Mazira kwa Akulu, Zigoba kwa Galu

"Sindidya!" Alonda anakankha mbale mpaka inakagunda ketulo. "Chibwerereni m'nyumba muno, dzira ndimangolimva fungo likamadutsa kupita kuchipinda chanu. Lero mazira awiri, owiritsa, osendasenda kale? Mwathiramo chiyani?"

"Bambo, ndi mazira basi," anatero Mpongozi, mkazi wa mwana wawo, manja ali m'chiuno. "Ukawamana akuti ndiwe woipa mtima, ukawapatsa akuti ufuna kuwapha. Nanga ine ndilowere kuti?"

"Idya limodzi ndione."

"Ine mazira amanditulutsa ziwengo."

"Ehee! Wamva, Mtsikana? Wophikayo akukana kulawa."

Amene ankatchedwa Mtsikanayo anali akazi awo, mayi wa imvi mutu wonse, amene anthu ena onse ankangoti Amake Wometa. Anali pamphasa atatsamira khoma, miyendo ili tambalale. Chigwereni kubafa nthawi ya mvula, anali asanaimirirepo popanda wowadzutsa.

"Ndamva, Akulu," anatero mayiwo akutambasula dzanja. "Ngati muli poizoni bweretsani kuno. Bola ndife nditakhuta."

Anatenga dzira n'kuliluma kawiri, latha. Anaseka pakamwa pali chikasu chokhachokha.

Pomwepo analowa Wometa, mwana wawo wamwamuna, atanyamula kabeseni ka zigoba za mazira ngati wanyamula khanda. Iyeyu anali ndi kanyumba kometera anthu m'mbali mwa msewu, ndipo chaka chimenecho anali atagula galu wamkulu wa makutu ogwa, n'kumupatsa dzina loti Dona. Galuyo anali atangoswa ana odzaza dengu, ndipo Wometa akayang'ana tianato ankaona galasi latsopano ndi mpando wozungulira wa m'nyumba yake yometera.

"Mwayambanso, Bambo? Imvani ndikufotokozereni. Dokotala wa ziweto wati chakudya chimene timamuphikira Dona n'chabwino. Mpunga, nyama, chiwindi, karoti, dzungu, zonse zili bwino. Koma mulibe kashiamu."

"Kashi chiyani?"

"Kashiamu. Ndi chimene chimalimbitsa mafupa. Galu akamayamwitsa, chimachoka m'thupi mwake kupita mumkaka. Tsono chigoba cha dzira ndi kashiamu yekhayekha. Timachisinja n'kumuthirira m'chakudya, pamodzi ndi mafuta a nsomba a mavitamini awa." Anatulutsa kabotolo m'thumba n'kukakweza m'mwamba kuti onse akaone.

Alonda anayang'ana zigoba, anayang'ana dzira lotsala m'mbale, anayang'ananso zigoba.

"Ndiye kuti mazirawa mukugulira zigoba?"

"Eya. Za m'bini ya kumalo odyera sindingatole, zimakhala ndi tizilombo."

"Ndiye za m'katizi n'zotaya."

"Si choncho, Bambo."

"Bwanji osam'patsa Donayo?"

"Akapitirira limodzi amatsegula m'mimba."

"Nanga iwe?"

Mpongozi anaphulika nako kuseka mpaka kugwira chitseko. "Awa anayesa! Mazira m'mawa, mazira masana. Dzana anawerama kuti amete munthu ndevu, m'mimba munayankha. Munthuyo anathawa tsaya limodzi lili ndi sopo!"

"Khala chete iwe," anatero Wometa.

"Ndamvetsa tsopano," Alonda anagwedeza mutu. "Galu wakana, mwini wake wakana, mkazi wake wakana. Ndiye munakhala pansi n'kufunsana kuti bini ili kuti. Mtsikana, ife ndife bini."

"Akulu, bini yotayiramo mazira ndi bini yodala. Ngati simukulifuna linalo, nditayireni muno." Anatsegula pakamwa ngati mwana wa mbalame.

Zikanathera pa kuseka zikanakhala bwino. Koma Mpongozi anali ndi mawu ena amene anawasunga kunsi kwa lilime.

"Popeza tonse tili pano, uwauze za chipinda zija."

Wometa anayamba kusanja zigoba zimene zinali zosanjika kale. "Bambo, tiana ta Dona tikayamba kudya tokha tifunika malo. Shedi ija imadontha, ndipo anthu ogula akabwera sangaone agalu a mtundu wapamwamba ali m'matope. Tinaganiza kuti Mayi apite kwa mlongo wanga akawasamale. Inu mukhoza kumagona kunyumba yometera. Ntchito ya ulonda mumaidziwa kale."

"Mlongo wako amakhala kutali, ulendo wa tsiku lathunthu."

"Ndi mwana wawo yemwe."

"Ndiye ine kuno, Mtsikana uko, agalu pabedi pathu."

"Msana wanga watha ndi kunyamula munthu kupita naye kuchimbudzi," anatero Mpongozi. "Wina anyamulekonso."

Alonda anatembenukira kwa Wometa. "Kuchipatala anati mafupa a amako apyapyala, afunika mapiritsi ndi chakudya chabwino. Iwe unati chiyani?"

"Ndinati ukalamba ulibe mankhwala. Ndinanama? Mayi akanakhala kuti amayenda okha kupita kuchimbudzi, nkhani imeneyi sikanabuka n'komwe."

Alonda anatukula chala. Zaka zambiri za pageti la eni zinawaphunzitsa kuti mawu a bwana umawagwira akadali otentha.

"Bwereza."

"Ndati akanamayenda okha, chipinda n'chawo."

"Mpongozi, wamva? Mtsikana, wamva? Zigoba inu, mwamva?"

Wometa anaseka. Kulonjeza munthu wosayenda n'kotsika mtengo, ngati kulonjeza nkhuku mswachi.

Ntchito yosinja zigoba inagwera Alonda, poti munthu wokalamba pakhomo la mwana wake sakhala manja lende. M'mawa ankatsuka zigobazo, kuziwiritsa, kuziyanika pa lata mpaka ziume gwa, kenako kuzisinja mu kamtondo ndi kusefa ndi kansalu. Ufa wake unali woyera mbee. Ankauthira m'botolo lomwe kale munali jamu, ndipo madzulo Wometa ankatapa ndi kasipuni, maso ali pafupi ngati akuyeza golide, n'kuwaza m'mbale ya Dona. Pamwamba pake ankadonthezapo mafuta a nsomba aja.

Alonda ankasinja uku akung'ung'udza. Agalu ankawadziwa bwino. Pageti lililonse limene analondapo, galu ankadya nyama, mlonda ankadya fungo. Ankaganiza kuti zimenezo zinatha tsiku limene anabweza tochi ndi chibonga. Kodi ankadziwa kuti bwana womaliza adzachita kubereka okha?

Tsiku lina akusefa, anafunsa ngati munthu wongocheza.

"Iwe wophunzira, fupa la galu ndi la munthu n'zosiyana?"

"Fupa ndi fupa, Bambo," anayankha Wometa, maso ali pafoni.

"Oho."

M'mawa mwake, Wometa atapita kukameta ndipo Mpongozi atapita kumsika, Alonda anatapa mpunga wosaphika m'thumba la Dona. Anausinja mpaka thukuta, anausefa kawiri, n'kuuika pafupi ndi ufa wa zigoba. Mapasa enieni. Wa mpunga unalowa m'botolo la jamu. Wa zigoba unalowa m'kachitini ka fodya, n'kupita m'thumba la jekete. Mafuta a nsomba anawakhuthulira m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa, ndipo m'malo mwake anathiramo mafuta ophikira.

"Akulu, phala ili likuchita mchenga," anatero Amake Wometa atangomwa kawiri.

"Ndi mano ako."

"Mano ake ati? Atatuwa?"

"Imwa, usalongolole."

"Likununkhanso nsomba. Mwayamba liti kuphikira phala m'mtsinje?"

Alonda anakatseka chitseko. Anatulutsa kachitini kaja n'kukatsegula pang'ono, ngati munthu wogulitsa zakuba. Mayiwo anasuzumira, anayang'ana amuna awo, kenako anaika dzanja pakamwa. Mapewa anayamba kugwedezeka.

"Mwabera galu?"

"Sindinabe. Ndasamutsa."

"Mlonda wamkulu! Munthu amene sanasowetseko ngakhale msomali wa bwana! Lero wabera galu woyamwitsa!" Anaseka mpaka misozi. "Nanga ndikamera mchira?"

"Udzaupinda m'nsalu."

"Ndikayamba kuthamangitsa njinga?"

"Ndi zomwe ndikufunazo. Uthamangitse njinga, uthamangitse Mpongozi, uthamangitse aliyense. Imwa!"

"Huu!" anauwa mayiwo chapansipansi, n'kupendeketsa mbale mpaka kuinyambita.

Kuyambira pamenepo m'chipindamo munalowa misala. M'mawa mazira, chifukwa zigoba zinkafunika zambiri, ndipo Alonda ankaonetsetsa kuti zizifunika zambiri zedi. "Zigoba za masiku ano n'zopyapyala," ankatero kwa Wometa. "Nkhuku zake zaulesi. Ukasinja khumi ufa wake sudzaza ndi chikhatho chomwe. Uwonjezere mazira." Wometa ankawonjezera. Pokonza chiwindi cha Dona, mpeni wa Alonda unkaterereka, kachidutswa n'kugwera m'phala. Karoti nayenso anali woterera.

Eni nyumba akangotuluka, sukulu inkayamba. Alonda ankakweza akazi awo n'kuwagwiritsa pazenera.

"Ima."

"Ndaima."

"Wagwira ine. Siya."

"Ndikasiya ndigwa."

"Ukagwa ugwera pa ine. Unayamba kale kundigwera."

"Ha! Anagwera mnzake ndani? Amene ankaima pampopi tsiku lonse ndi ndowa yobooka ndani?"

Tsiku loyamba anaima nthawi yongokwanira kutukwana kamodzi. Patapita masiku anayamba kusuntha phazi, kuchoka pazenera kufika pabedi, kuchoka pabedi kufika pachitseko. Masaya anayamba kubwerera. Kaya unali ufa, kaya mazira, kaya chiwindi, kaya mkwiyo wofuna kuonetsa Mpongozi, palibe angadziwe. Alonda ankati ndi ufa. Tsiku lina anawapeza akazi awo atagwira msana wa mpando, akugwedeza chiuno pang'onopang'ono, akuimba kanyimbo kopeka okha konena za Dona ndi mbale yake.

"Ukufuna uthyoke kachiwiri?"

"Bwerani tivine, Akulu. Mankhwala a galu akuyabwa m'mawondo."

Anavina. Mdala wa nkhope yowawa ngati ndulu, amene anthu a mumsewuwo anali asanaonepo mano ake, anavina atagwira mpando mbali ina, akazi awo mbali inayo. Atamva geti likulira, Amake Wometa anadzigwetsa pamphasa, miyendo tambalale, n'kuyamba kubuula.

"Mayi, muli bwanji?" anafunsa Mpongozi atasuzumira.

"Mwana wanga, ndine mtembo wongodikira bokosi."

Mpongozi atachoka, awiriwo analuma mabulangete kuti kuseka kusamveke.

"Bwanji osangowaonetsa?" anafunsa mayiwo.

"Ayi. Ukawaonetsa kuti wafika pachitseko adzati chimbudzi chili kutali. Anthu awa sindiwakhulupirira ngakhale atandiuza kuti kwacha. Tidikire mpaka udzathe bwalo lonse, ndipo padzakhale mboni."

Koma zenera lomwe ankagwira lija linkayang'ana kushedi, ndipo Amake Wometa ankamuona Dona tsiku ndi tsiku. Tiana tinkanenepa, tikukankhana pamawere ngati anthu okwera basi. Make ankaphwa. Nthiti zinayamba kuwerengeka, ndipo podzuka ankayamba waganiza kaye.

"Akulu, mnzangayo akutha."

"Mnzako ndani?"

"Dona. Nanenso ndinayamwitsapo, ndikudziwa. Mwana amakoka mpaka m'mafupa. Wometa yemweyu anandigwetsa dzino ndi kuyamwa."

"Galu ali ndi miyendo inayi. Ikafooka iwiri, ayendera inayo. Iwe uli nayo iwiri yokha."

"Sanatilakwire ndi iye. Iye sanapemphe chipinda chathu. Mugawe ufawo pakati."

"Ndigawa mawa."

Mawa lake anatinso mawa. Mlonda akagwira chinthu sasiya msanga, ndipo tiana tinali titayamba kale kununkhiza mbale ya make. Mpongozi anali atabwera ndi chingwe kudzayeza chipinda, akudumpha miyendo ya apongozi ake ngati akudumpha mitengo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina dzuwa lili pamutu, Mpongozi anakuwa kubwalo.

"Mayo! Dona! Dona akufa!"

Galu anali gone chammbali pakhomo la shedi, miyendo itauma ngati ndodo, thupi lonse likunjenjemera, akupuma wefuwefu, dovu lili chuchuchu. Tiana tinkalira tikumukwera. Mpongozi anaimba foni, ndipo posakhalitsa Wometa anatulukira akuthamanga, makina ometera ali m'manja. Pambuyo pake pankabwera bambo wina wonenepa, nsalu yometera ili m'khosi, mutu wometedwa mbali imodzi.

"Undimalize kaye, iwe!" ankakuwa bamboyo. "Ndipita bwanji kuntchito chonchi?"

Anthu oyandikana nawo anadzaza kumpanda. Kenako kunalira njinga yamoto, ndipo anatsika dokotala wa ziweto, mayi wamfupi wosakonda mawu ambiri. Anagwada, anagwira galu pachifuwa, anamuyang'ana m'maso, n'kutulutsa jakisoni. Anabaya pamwendo wakutsogolo n'kumakankha mankhwala pang'onopang'ono, khutu lili pamtima wa galuyo. Alonda anaima pafupi ndi kamtondo kawo, chipewa chili m'manja, milomo ikuyenda popanda mawu.

Kunjenjemera kunayamba kuchepa. Miyendo inafewa. Dona anatukula mutu, anayang'ana anthu onsewo ngati akufunsa kuti kwagwanji, n'kunyambita kamwana kamene kanali pafupi.

"Wapulumuka," anatero dokotala. "Mukanachedwa pang'ono tikanakumba dzenje. Kashiamu anamuthera m'magazi. Kodi sindinakuuzeni kuti muzimuthirira ufa wa zigoba?"

"Tsiku ndi tsiku, adokotala!" anatero Wometa. "Ndi dzanja langali! Mazira amene alowa m'nyumba muno, nkhuku za dziko lonse zikundidziwa!"

"Bweretsani ndione."

Mpongozi anathamangira botolo la jamu ndi kabotolo ka mafuta. Dokotala anathira ufa pang'ono pachivundikiro, anapempha ndimu, n'kufinyirapo. Anadikira. Ufa unangonyowa basi.

"Chigoba chenicheni ukachithira ndimu chimachita thovu," anatero. Anatapa ndi chala n'kulawa. "Uwu ndi mpunga." Ananunkhiza kabotolo. "Awa ndi mafuta okazingira anyezi."

Kumpanda wina anati, "Aaa!" Mpongozi anatembenuka pang'onopang'ono, chala chake chikutsogola, mpaka chinaloza pa kamtondo.

"Bambo," anatero Wometa, mawu akunjenjemera kuposa mmene ankachitira galu. "Ufa wa Dona uli kuti?"

"Ufa wake uti?"

"Musandiyese mwana! Mwagulitsa? Mwataya? Mumafuna kundiphera galu chifukwa cha chipinda? Galu amene ndinamuvutikira! Nkhanza zotere munazitenga kuti?"

Alonda anavala chipewa chawo n'kuchikonza bwinobwino. "Galu wamkota sakandira pachabe, mwana wanga. Sindinagulitse ndipo sindinataye. Ndausunga pabwino."

"Pati?"

"Huu! Huu!"

Anthu onse anayang'ana Dona. Dona nayenso anayang'ana kukhomo la nyumba.

Pakhomopo panaima Amake Wometa, atamanga mpango wawo wa paulendo, dzanja limodzi lili pafelemu, linalo lili m'chiuno.

"Uli muno," anatero akumenya ntchafu. "Wina uli muno," anamenya inayo. "Patukani, ndili ndi ulendo."

Anasiya felemu. Alonda anafuna kuthamangira, koma mayiwo anawabweza ndi diso. Anaponya phazi, anaima, anaponya linalo. Ankayenda ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene, akupendekera uku ndi uku, manja ali m'mbali. Pa waya woyanikira zovala anagwira kamodzi n'kupuma. Anadutsa mwana wawo, amene anali kukamwa yasa, makina ali lende. Anadutsa Mpongozi n'kumuuza kuti, "Msana upume, mwana wanga." Atafika pa Dona anaima.

"Pepa, mnzanga. Tinabwereka, sitinadziwe kuti tikukupha."

Anapitirira mpaka kuchimbudzi kumapeto kwa bwalo, analowa, n'kukoka chitseko. Anthu onse anadikira, maso ali pachitseko cha chimbudzi ngati mutuluka mkwatibwi. Chitatseguka, amayi a kumpanda anayamba nthungululu, ndipo bambo wometedwa theka uja anaomba m'manja mpaka nsalu inagwa m'khosi.

"Mboni zilipo," anatero Alonda mokweza. "Mwana wangayu ananena ndi pakamwa pake kuti amake akadzayenda okha kupita uko, chipinda n'chawo. Apo ayi amawatumiza kutali, ine kukagona pansi pa mpando wometera, kuti pabedi pathu pagone agalu. Wometa, ndanama?"

Wometa anayang'ana kumpanda. Theka la mitu imene inali pamenepo inali mitu imene amameta.

"Zinali zongocheza, Bambo."

"Chingwe choyezera chipinda chinalinso chongocheza?"

Dokotala anatseka chikwama chake n'kuimirira. "Bambo, inu mwatsala pang'ono kupha galu wosalakwa. Ndiponso za ziweto si za anthu, mukanatha kuwavulaza mayiwa. Musadzabwerezenso." Alonda anawerama pang'ono, koma pang'ono pokha. Dokotala anatembenukira kwa Wometa. "Ine ndimachiza ziweto, za anthu si zanga. Koma mayi awa apite kuchipatala akawaone bwino mafupawo. Munali musanapite nawo?"

"Tinapita," anayankha Alonda. "Anatiuza za mapiritsi ndi chakudya. Uyu anati ukalamba ulibe mankhwala."

"Koma a galu anapezeka," anatero mayi wina kumpanda.

Bambo wometedwa theka anatola nsalu ija, anaipinda bwinobwino, n'kuiika m'manja mwa Wometa.

"Achimwene, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mutu wangawu ndikamalizitsa kwina. Munthu amene angasinthanitse amake ndi tiagalu, khutu langa angalisinthanitse ndi chiyani?"

Anatuluka pageti mutu uli mbali imodzi yoyera, ina yakuda, anthu akufa nako kuseka.

Musaganize kuti Wometa anagwada n'kulira. Ana a masiku ano salira chifukwa cha amawo, amalira chifukwa cha makasitomala. Mawa lake kunyumba yometera kunalowa ntchentche zokha. Tsiku linalo anabwereka njinga n'kupita ndi amake kuchipatala, akudutsa dala mumsewu waukulu, akupereka moni kwa aliyense kuti aonedwe. Anagulanso lata n'kukhoma pashedi. Pashelefu panakhala mabotolo awiri, la mapiritsi a Mayi ndi la ufa wa Dona, ndipo madzulo aliwonse Wometa ankafinyira ndimu pa ufawo asanathire, diso limodzi lili pa bambo ake. Alonda ankasinja zigoba zenizeni tsopano, ndipo Amake Wometa ankakhala pambali kuwalondera.

Chipinda chinatsala chawo. Mazira anapitirira, poti Dona anali akuchira. Koma tiana tinayamba kudya tokha, ogula anayamba kubwera, dengu linayamba kupepuka. Tsiku lina m'mawa Alonda anamva Mpongozi akulankhula kukhitchini.

"Kagalu kotsalako kakangopita, Dona tizimugulira chakudya cha m'thumba chosakaniza kale. Zosinjasinjazi zithe, ndi mazira omwe. Atikwana."

Alonda anatenga dzira lawo la tsikulo, analidula pakati, theka n'kuika m'thumba la jekete.

Masana Amake Wometa anatuluka ndi ndodo yawo kukawafuna. Anawapeza atakhala pa njerwa pafupi ndi geti. Kunja kwa geti kunali chigalu chachimuna cha mumsewu, chofiirira, khutu limodzi long'ambika, mchira wopindika ngati chogwirira cha kapu. Chinkanyambita chikasu cha dzira pa zala za Alonda kudzera m'mipata ya geti.

"Akulu, ameneyu ndiye ndani?"

"Mkamwini."

"Wa yani?"

"Wa Dona. Galu akayamwitsa, bini imadya. Akasiya, bini igona ndi njala. Ndawerenga bwino nkhaniyi."

Mayiwo anagwira geti kuti asagwe ndi kuseka. "Inu! Mnzanga wangodzuka kumene kwa akufa! Mumusiye apume. Ndiponso nkhope iyi? Ana ake adzagula ndani?"

"Za ogula ndi za Wometa. Ine sindikufulumira. Nyengo yake ikadali kutali, apume ndithu. Panopa ndikungomuonetsa mnyamatayu njira, kuti tsikulo asadzasochere."

"Moyo wanu wonse simunasiyepo geti la munthu losatseka."

"Mageti amenewo ankandilipira," anatero Alonda.

Anatulutsa kabotolo ka mankhwala a chifuwa kaja, momwe munatsala timadontho ta mafuta a nsomba, n'kudontheza pa mahinjesi a geti, kumtunda ndi kumunsi. Analikankha pang'ono, analibweza. Silinalire n'komwe.